Tsiku Limene Zé Tubo Anadula Mitu ya Ana Anga

Mukatsika shapa, minibasi ya kuno, pamsika wa Matundo n'kulowera njira ya kumanzere, mudzaona kanyumba ka chipinda chimodzi kopaka utoto wobiriwira, pamwamba pa chitseko atalembapo kuti FOTO HORÁCIO. Zilembo zina dzuwa linazidya kalekale, koma palibe amene amasochera. Anthu ambiri a dera lino, nkhope zawo za pa zitupa zinajambulidwira m'kanyumba kameneka. Yanganso. Ndine mphunzitsi pasukulu ya sekundariya ya kuno, ndipo chaka chilichonse nthawi yolembetsa mayeso ikafika, ana anga ndimawapereka m'manja mwa a Horácio.

A Horácio ndi bambo wamfupi, wadazi, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Anabadwira ku Angónia, chakufupi ndi Dómuè. Nkhondo itafika kwawo anathawira ku Dedza pamodzi ndi amayi awo, n'kuyamba kugulitsa mbatata pamsika wa Lizulu. Atapeza njinga, sanakhale nayo miyezi itatu. Anaisinthanitsa ndi kamera kwa munthu wina wa ku Ntcheu amene anali atatopa nayo, ndipo amayi awo anatha mlungu wathunthu osawalankhula.

Kamera ya nthawi imeneyo inali ya filimu. Filimu imodzi inkatenga zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ikatha n'kuitumiza kutali kukaitsuka. Ukajambula munthu ataphethira, chithunzi chimenecho chapita. Apa m'pamene a Horácio anatengera makhalidwe awiri amene ali nawo mpaka lero. Loyamba, sakonda kukhala ndi zinthu ziwiri zofanana. Chipewa ali nacho chimodzi, lumo limodzi, kazako, jekete yobwereketsa anthu odzajambulitsa, imodzi. Lachiwiri ndi kabodza kawo. Munthu akaima kutsogolo kwa kamera amauma gwa, maso ali tong'o ngati wagwidwa m'munda mwa eni. A Horácio amasuzumira m'kamera, n'kunena ndi pakamwa kuti "kha!" Munthu uja amapumira m'mwamba poganiza kuti zatha. Ndiye iwo amati, "Limenelo linali lilime langa, kamera sinadzuke." Munthu amaseka, nkhope imamasuka, kenako iwo amati, "Tsekani mano tsopano," n'kujambula zenizeni.

Anabwerera kwawo mu 1993, patapita zaka zingapo n'kutsikira kuno ku Tete, kumene anakwatira mai Olinda, amene amagulitsa kabichi ndi mbatata za ku Angónia pamsika. Atagula kamera yosafuna filimu, anazindikira kuti kudina sikuwononganso kanthu. Choncho anayamba kujambula ndithu pa nthawi imene munthu akuseka, asanamuuze zotseka mano. Zithunzi zosekazo sankapatsa eni ake, sankazigulitsanso. Ankangozisunga. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi si iwo omwe amadana ndi zinthu ziwiriziwiri?

"Sitora," anatero, pakuti ndi mmene anthu amatiitanira ife aphunzitsi aakazi kuno, "si ziwiri izi. Wotseka manoyu ndi wa boma. Wosekayu ndi wanga."

Kenako kunabwera malasha. Amene analipo akukumbukira. Migodi ya ku Moatize itatseguka, mzinda unadzaza anthu ngati tsiku la msika losatha. Magalimoto akuluakulu ankafola pamlatho kuyambira m'mawa, aliyense amene anali ndi kabwalo kuseri kwa nyumba anayamba kuumba mabuloko, ndipo mnyamata aliyense ankayenda ndi envulopu yofunsira ntchito m'khwapa. Envulopu iliyonse inkafuna zithunzi. Makampani ena ankafunanso kuti chithunzicho chitumizidwe pakomputadori, chochepetsedwa bwino, chokhala ndi nambala yake. Pakhomo pa a Horácio mzere unkafika mpaka kwa wometa tsitsi. Kujambula sikunkawavuta. Chinkawapha ndi komputadori yawo yakale: kutsegula chithunzi, kuchichepetsa, kuchipatsa dzina, kuchisindikiza, kutseka, kutsegula china, mobwerezabwereza mpaka chala cholozera chinatupa, mai Olinda n'kumachithowa ndi madzi ofunda.

Mwa anthu amene ankabwera kudzajambulitsa munali mkulu wina wa ku Brazil, woyeza miyala. Anabwera kamodzi chifukwa cha chitupa chake, koma ataona zithunzi za anthu oseka anayamba kumabwera Loweruka lililonse kudzangoziyang'ana. Ntchito yake itatha, tsiku lotsanzikana anabweretsa komputadori yake yonyamula m'manja, ija ya chithunzi cha chipatso cholumidwa pachivindikiro, n'kuisiya patebulo. Sanangoisiya. Anakhala nawo masana onse akuwaonetsa kanthu kena kamene kamabwera kali kale m'komputadori za mtundu umenewo: kamunthu kachitsulo konyamula mpope. A Horácio anakatcha Zé Tubo, poti tubo ndi mpope m'Chipwitikizi, ndipo dzinalo linakhazikika.

Ndinadzionera ndekha mmene Zé amagwirira ntchito, ndipo n'zosavuta kuposa mmene anthu amaganizira. Pagalasi pamakhala timabokosi, kalikonse ndi ntchito imodzi. Umatikoka n'kutisanja kuchokera pamwamba kutsika pansi, monga mmene ine ndimalembera ndondomeko ya phunziro. Mkulu wa ku Brazil anasanja tinayi. Koyamba: kopera zithunzi zonse, zoyambirira uzisiye osazikhudza. Kachiwiri: chepetsa. Kachitatu: zipatse manambala motsatana ndi mmene zinajambulidwira. Kachinayi: sindikiza. Kenako anamangirira timabokosito ku pasita imodzi, chikwatu chosungiramo zinthu m'komputadori, moti ukangoponyamo zithunzi, Zé amadzuka yekha n'kuchita zonse zinayi, iwe ukumwa madzi.

Chala cha a Horácio chinaphwa. Anayambanso kucheza ndi anthu pamzere, kufunsa kwawo, kunyoza a ku Tsangano kuti amabwera ku Tete atavala majuzi. Chaka chathunthu Zé sanalakwitse kanthu. Mai Olinda ankati m'nyumba mwawo muli amuna awiri, ndipo wogwira ntchito osadandaula ndi wamng'onoyo.

Tsopano tifike pa mwezi wa Setembala mu 2011. Kalasi langa la chaka chakhumi linali ndi ana makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Aliyense ankafunika zithunzi ziwiri zomata pa pepala lolembetsera mayeso, ndipo mapepalawo ankayenera kufika ku diresau, ofesi yaikulu ya maphunziro, kutsidya kwa mlatho, Lachisanu nthawi ya masana isanakwane. Wopanda chithunzi sakanalembetsedwa. Ndinagwirizana ndi a Horácio kuti abwere kusukulu Lachiwiri, kusiyana n'kuti ana onsewo akapanikizane m'kanyumba kawo.

Anabwera ndi nsalu yoyera, n'kuimangirira pakati pa mitengo iwiri kuseri kwa kalasi. Kamera anaiika pa miyendo yake itatu, patali ndithu, moti mwana ankaoneka kuyambira m'mawondo kupita m'mwamba. Ndinadabwa kuti sakuikweza kapena kuitsitsa mwana akasintha, monga amachitira kwawo.

"Musadandaule, sitora. Zé waphunzira ntchito yatsopano. Mudzaona Lachinayi."

Ndinaitana mayina motsata mndandanda wa kalasi, ana n'kumabwera mmodzimmodzi. "Kha!" wa pakamwa, kuseka, kutseka mano, wotsatira. Zinayenda bwino mpaka pa nambala 58, Tomásia.

Tomásia anali mtsikana wamng'ono thupi, wa ku Tsangano, wakhama kuposa onse, koma wosaseka. Sanali wamwano kapena wodwala, anali chabe mwana woona zinthu mozama. Ankakhala kwa azakhali ake, amene anamulandira chaka chimodzi chokha, ndipo ananena poyera pamaso panga kuti mayeso akatha kapena akalephereka, mwanayo abwerera kumunda. Iye ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankakhala kutsogolo, kope lake lili laukhondo ngati la m'sitolo. A Horácio anamuchitira "kha!" Iye anangoyang'ana. Anamufunsa za juzi. Anayankha mwaulemu kuti analisiya kunyumba. Anamuuza kuti mbatata za ku Dómuè zimaposa za ku Tsangano. Iye anati, "Mwina, tiyu," ndiko kuti amalume. Bamboyo anali atagonja, atawerama kuti angojambula, pamene mbuzi ya kwa mlonda inatulukira kumbuyo kwawo, n'kugwira mpango wopukutira thukuta umene unkalendewera m'thumba lawo lakumbuyo, n'kuyamba kuukoka pang'onopang'ono uku ikutafuna. Ine ndinamva mawu achilendo. Anali Tomásia akuseka. A Horácio, osadziwa chimene chachitika, anadina. Kenako mwanayo anatseka mano, iwo n'kudinanso.

Lachitatu a Horácio anapita ku Moatize kukajambula antchito a kampani ina. Kakartau kosungira zithunzi m'kamera ali nako kamodzi, monga mwadziwira kale, choncho asanapite anatsitsira zithunzi zathu m'komputadori, zoseka n'kuziika kwa zinzake, zotseka mano pazokha, kenako kakartauko n'kukapukuta.

Lachinayi m'mawa, ndisanapite kukalasi, ndinadutsa kukatenga envulopu yanga. Ndinawapeza atavala malaya ositidwa, akundidikira.

"Khalani apa, sitora. Sindinayambe dala, ndimafuna muone ndi maso anu. Olinda, patse sitora madzi ozizira."

Anandionetsa kabokosi katsopano kamene anakapeza okha, osauzidwa ndi munthu: kodula chithunzi, kusiya pakati pokha pamene pali mutu ndi mapewa. Anati anakayesa ndithu, anaima okha pansalu ija, ndipo mutu wawo unatuluka bwinobwino ngati dzira m'mbale. Anasankha zithunzi zonse makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, n'kuziponya m'pasita ya Zé, n'kupinda manja. Makina osindikizira anayamba kulira. Ine ndinamwa madzi anga. Pepala loyamba litatuluka ndinalitola.

Nambala 1 anali bwino. Nambala 2 analinso bwino, kungoti chipumi chinasowa pang'ono. Nambala 3 anali khosi, kolala ndi mabatani awiri.

"Bambo Horácio," ndinatero, "mwana uyu mutu wake uli kuti?"

Anatenga pepalalo, n'kuliyandikitsa kumaso, n'kulitalikitsa. Pepala lachiwiri linatuluka. Panali Stélio, mnyamata wamtali kuposa aphunzitsi onse, amene pachithunzi anangotsala thumba la malaya ndi cholembera. Panali ana aafupi amene anangooneka nsalu yoyera ndi kansonga ka tsitsi pansi, ngati dzuwa likutuluka. Zé anadula aliyense pa msinkhu wa a Horácio. Amene Mulungu anawapatsa msinkhu wofanana ndi wawo anapulumuka, ndipo titawerenga anali khumi ndi asanu ndi anayi.

Mai Olinda anasuzumira, n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi pakhomo. "Bambo ake, mwawauza anzanuwo kuti anthu onse a dziko lino ndi aafupi ngati inu?"

Inenso ndinaseka, chifukwa ndinkadziwa za kabokosi koyamba kaja. "Palibe chinthu," ndinatero. "Tengani zoyambirira zija, muzidule pamanja."

A Horácio anapukuta dazi ndi dzanja, poti mpango unali utadyedwa.

Zinali chonchi. Komputadori inali itayamba kudandaula kuti yadzaza. Chinaidzaza ndi anthu oseka a zaka zitatu, masauzande angapo. A Horácio anayang'ana anthu awo oseka, anayang'ananso kabokosi kamene kankapanga zithunzi ziwiriziwiri zofanana, ndipo sanavutike kusankha. Anakachotsa. Ndipo pamene ankaika kabokosi kodulako, Zé anawafunsa ndithu pagalasi, m'Chipwitikizi chomveka bwino, kuti ntchito imeneyi isintha zithunzi zanu, kodi ndiyambe ndazikopera?

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati ayi, sitora. Ndinkaona ngati akufuna kuwononga malo."

"Anakufunsani, bambo ake," anatero mai Olinda ali pansi pomwepo. "Ine simundimvera, ndinazolowera. Koma ndi Zé yemwe?"

Sindinakalipe. Zaka zonsezi ndaphunzira kuti mwana amene waona kale kulakwa kwake safunika kumuuzanso, ndipo m'mawa umenewo bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu anali ngati mwana wotero. Ndinangowauza kuti kalasi langa limalowa masana, abwere ndi nsalu yawo tijambulenso. Iwo anafunsa ngati pasukulu pali khasu. Sindinamvetse, koma ndinati lilipo.

Masana amenewo kunatentha monga kumatenthera kuno mu Setembala, mpweya wake ngati wotuluka m'ng'anjo. Ndinauza ana zimene zachitika, n'kuyendetsa mapepala aja m'kalasi. Phunziro linathera pomwepo. Stélio anaimirira n'kunena kuti chithunzi chake chisasinthidwe, poti cholembera ndicho chidzalembe mayeso. Ndinawasiya aseke mphindi zisanu, kenako ndinaitana mayina. Onse anayankha kupatula mmodzi. Mnzake wokhala naye pafupi anati, "Sitora, Tomásia anapita dzulo ku Tsangano ndi azakhali ake. Agogo ake amwalira. Abwera Lolemba."

Ndinaimba nambala ya azakhaliwo katatu. Kumudzi kumeneko foni sigwira. Ndinatenga pepala n'kufufuza nambala 58. Panali nsalu yoyera ndi timizere tiwiri ta tsitsi loluka. Koma panali ana ena makumi asanu ndi limodzi ndi awiri akundiyang'ana, ndiye ndinati tituluke.

Ine ndikanakhala a Horácio ndikanangochotsa kabokosi kodulako n'kubwerera ku ntchito ya manja. Iwo anaganiza mwina. Anati Zé sanalakwe, anachita zimene anauzidwa, ndipo ngati sangathe kutsata mitu ya anthu, mitu ya anthu imutsate iyeyo. Anatola kachidutswa ka malasha kamene kanagwa pagalimoto mumsewu, n'kulemba timizere tiwiri m'mphepete mwa nsalu, kumanja ndi kumanzere, pa msinkhu wa maso awo. Kutsogolo kwa nsaluyo anauza Stélio kuti akumbe dzenje n'kulowamo mpaka maso ake afanane ndi timizereto. Kenako tinabwereka mabuloko anayi ndi thabwa kwa amisiri amene ankamanga mpanda wa sukulu. Wamtali m'dzenje. Wapakati pathabwa lovundikira dzenjelo. Wamfupi pabuloko imodzi kapena ziwiri.

Ine, pokonda dongosolo, ndinati ana afole potsata msinkhu kuti tisavutike n'kuchotsa ndi kubwezera mabuloko.

"Ayi, sitora! Zé amapereka manambala potsata amene wayamba kuima. Mukafoletsa potsata msinkhu, Stélio akhala nambala 63, ndipo dzina lake lipita kwa kamwana kena."

Anali ndi mfundo, ndipo ndinavomera pamaso pa ana, chimene chinawasangalatsa kwambiri. Tinatsata mndandanda. Buloko lowa, buloko tuluka, thabwa ika, thabwa chotsa. Atsikana ankakuwa kuti, "Tsika pang'ono! Kwera! Wanyanya!" Anyamata ena amene ankadzitenga ngati aatali anakhumudwa atauzidwa kuti sakuyenera dzenje. Tsiku limenelo panalibe wofunika kumuseketsa, vuto linali kuwatseketsa mano. Titafika pa nambala 58 ndinafuna kudumpha, koma a Horácio anakweza dzanja, n'kujambula nsalu yopanda munthu kuti manambala a otsatira asasokonekere. Kenako ndinaitana 59.

Titaweruka ndinapita nawo kukanyumba kawo. Asanaponye chilichonse m'pasita, anabwezera kabokosi kokopera pamwamba pa tinzake tonse, ine ndi mai Olinda tili mboni. Anayesa kaye zithunzi zitatu, wamtali, wapakati ndi wamfupi. Zonse zinatuluka ndi mitu. Anaponya zotsalazo, makina n'kuyamba kulira, ndipo pepala lililonse linabwera ndi nkhope zofola bwino, maso onse pamzere umodzi. Pakati pa 57 ndi 59 panali kabwalo koyera.

"Azakhali ake alibe chithunzi chake chakale?" anafunsa mai Olinda.

"Nyumba n'njokhoma," ndinatero. "Ndinatumako mwana."

A Horácio anayang'ana kabwalo koyerako. Kenako anati, motsitsa mawu ngati akupepesa, "Ndili naye wanga uja."

Anatsegula pasita ya anthu oseka. Zé sankaloledwa kulowamo, choncho zonse zinali monga zinajambulidwira. Anadutsa ana anga mmodzimmodzi, ndipo ndinaona kuti zambiri sizikanathandiza: wina watsinzina, wina wagwira pakamwa, wina wapindika mpaka nkhope yasowa. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako anatulukira Tomásia, ataima chilili, manja ali m'mbali monga mwa khalidwe lake, akuyang'ana molunjika ku kamera, chifukwa mbuzi ija inali kumbuyo kwenikweni kwa wojambula. Maso onse awiri otseguka. Makutu onse awiri akuoneka. Ndipo mano onse panja, ndi kampata pakati pa akutsogolo kamene ine, nditamuphunzitsa miyezi isanu ndi itatu, sindinkakadziwa.

"Alandira chimenechi?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa, sitora. Sindinaperekepo wanga ku boma."

Anachidula pamanja, pang'onopang'ono, ndi chala chomwe chija chinkatupa.

Lachisanu tinanyamuka m'mawa, iwo n'kuumirira kuti andiperekeze. Shapa inaima pamlatho kumbuyo kwa magalimoto a malasha, osasuntha mphindi makumi anayi. Tinatsika n'kuwoloka wapansi, envulopu ndili nditaikumbatira pachifuwa, a Horácio ali patsogolo ndi kuyenda kwawo kwa mkaka pamoto. Ku diresau tinapeza mzere wa aphunzitsi a sukulu zina. Wolandira mapepala anali Dona Cecília, mayi wa magalasi amene aliyense amamudziwa kuti amawerenga chilichonse, ndipo ine ndimamulemekeza pa chifukwa chomwecho. Anatsegula envulopu yathu, n'kuyamba kutembenuza mapepala, chidindo chili m'dzanja. Chinagunda maulendo makumi asanu ndi asanu ndi awiri. Kenako chinaima m'malere.

"Sitora Beatriz, mano awa ndi a chiyani?"

Ndisanatsegule pakamwa a Horácio anayankha. "Ndi ake, Dona Cecília."

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinafotokoza zonse mosabisa, kuyambira pa Zé mpaka pa maliro a ku Tsangano, ndi zimene azakhali ake ananena. Sanaseke. Anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala la malangizo, n'kuliwerenga ndi chala mzere ndi mzere, ife titaima. Kumbuyo kwathu aphunzitsi ena anayamba kung'ung'udza.

"Kumbuyo koyera," anatero. "Nkhope yonse ioneke. Wosavala chipewa. Chojambulidwa posachedwa." Anatembenuza pepalalo, kuseri kunalibe kanthu. Anayang'ananso Tomásia nthawi yaitali. "Za mano sanalembe."

Chidindo chinagunda.

Tikutuluka, Dona Cecília anaitana a Horácio. Ndinaganiza kuti awadzudzula. Koma anatulutsa chitupa chake cha ntchito m'chikwama, n'kuwaonetsa chithunzi chake, n'kufunsa ngati Loweruka amatsegula.

Tomásia anabwera Lolemba, atameta tsitsi la maliro. Ndinamuitana payekha, n'kumupepesa za agogo ake, kenako n'kumuonetsa kapepala kake kolowera m'chipinda cha mayeso. Anakayang'ana, n'kugwira pakamwa.

"Sitora, aziti ndimachita masewera."

"Aziti unalembetsa," ndinatero. "Kakhale pansi, tili pa tsamba 94."

Analemba mayeso ake mu Novembala, kapepalako kali pakona ya desiki, atakatembenuza chafufumimba. Woyang'anira mayeso ankati akadutsa n'kukatembenuza, iye n'kukabwezera. Anakhoza bwino, azakhali ake n'kumusungabe, ndipo kumunda sanabwerere. Patapita zaka zitatu anabwera kwa a Horácio kudzajambulitsa chithunzi cha ku sukulu ya unamwino, ndipo ulendo umenewo anatseka mano ndithu, ataima pa mabuloko awiri amene tsopano amakhala m'kanyumbamo pansi pa tebulo. Dzenje analikumbanso kuseri, ndipo anthu aatali a ku Matundo amalidziwa.

Za kudzaza kwa komputadori, mai Olinda ndiwo anazithetsa. Anapita okha kutsidya n'kukagula kabokosi kosungiramo zithunzi kolumikiza ndi chingwe, n'kukaika patebulo. A Horácio anasamutsiramo anthu awo onse oseka. Atamaliza, mai Olinda anafunsa ngati afufuta a m'komputadori, poti tsopano ali pawiri. A Horácio anakhala nthawi yaitali chala chili m'malere. Ndinadutsako mlungu wathawu, ndipo sanafufutebe.